Chitsononkho pansi pa mpando

Lero mdzukulu wathu, mwana wa Tiwonge, wandinyamula pa galimoto yake. Atadina batani losunthira mpando, ndakukumbukirani, amuna anga.

Paja nthawi ya makadi a chipani munkayendetsa chigalimoto chakale cha abwana anu. Tsiku lomwe mimba yanga ya Tiwonge inayamba kuwawa, mpando wake wamagetsi unakanirira kumbuyo, miyendo yanu yaifupiyo osafika pa buleki. Ine ndinkangolira kuti ndiberekera panjira tisanafike ku Embangweni. Munayang'ana fyuzi, munagwedeza mawaya, kenako munagwada n'kusolola pansi pa mpando chitsononkho cha chimanga chomwe munakukuta nokha ku Jenda. Munaseka: "Mbwenu mfiti yake ndi iyi! Pukutani misozi, mama, tifika."

Tinafikadi, ndipo Tiwonge anabadwira m'chipatala. Mpaka pano ndimada nkhawa ndi chilichonse, koma wondiuza kuti tifika palibenso. Yewo chomene, bambo a Tiwonge.