Matsinde Atatu a Khonje

A Jairos Shawa anayamba ntchito yokoka tcheni mu 1968. Sukulu anailekeza sitandade 6 ku Chiparamba, koma manambala ankawadziwa, ndipo miyendo yawo sinkatopa msanga. Opima malo amafuna munthu wotero. Wina amaima pa makina, wina amayenda patsogolo ndi tcheni, kusenga tchire, kukhoma zikhomo ndi kuumba mabikoni, timiyala ta simenti tija timaikidwa pa ngodya za munda kuti malire asasunthe. Bwana wawo woyamba atakalamba anasiyira ofesi bambo Gerson Daka, pamodzi ndi kabati ya mapu, tcheni, ndi a Shawa omwe.

M'mawa uliwonse a Shawa ankatuluka kwawo ku Kapata, m'tauni ya Chipata, pa njinga yawo yakuda, atavala chipewa chaudzu, chikwanje chili chomangidwa pa kaliyala. Ana a sukulu ankawadziwa chifukwa akawafunsa mtunda wochoka pa geti kufika pa mpopi, iwo ankangoyang'ana n'kunena mamita ake. Anawo akapima ndi chingwe ankapeza kuti mkuluyo sanaphonye kwenikweni.

Mu 1996 ntchito inachuluka. Lamulo latsopano la malo linali litangotuluka, ndipo alimi ambiri ankafuna mapepala a minda yawo. Bambo Daka anagula makina atsopano opima ndi kuwala. Makinawo amaima pa miyendo itatu, munthu wina amapita kutali ndi ndodo yokhala ndi galasi pamwamba, ndipo mtunda umangolembeka wokha. Analembanso ntchito Tamiwe Njobvu, mtsikana amene anali atangomaliza maphunziro a zopima malo ku Lusaka.

Lolemba lina la mwezi wa Seputembala bambo Daka anaitana a Shawa mu ofesi.

“Bambo Shawa, sindikubisirani. Makinawa safuna okoka tcheni atatu. Mwezi ukatha nditsala ndi mmodzi, ndipo amene adzasankhe ndi Tamiwe, poti ndiye akuyenda nanu.”

A Shawa anadziwa kuti anzawo awiri aja anali ocheperako zaka, odziwa Chingerezi, ndipo maso awo ankaona timanambala ta pa makina popanda kutsinzinira. Iwo eni ake anali ndi zaka makumi asanu ndi zitatu, ana awiri adakali ku sekondale. Komabe anangovala chipewa chawo.

“Palibe kanthu, bwana. Tiyeni tione kumene makinawo ayambire.”

Lachinayi inali nthawi yawo yopita ndi Tamiwe ku Madzimoyo, kukapima munda wa amayi Magalita, mayi wamasiye wolima mtedza ndi thonje. M'galimoto Tamiwe anawafotokozera bwinobwino mmene ntchito iyendere. Munda watsopano suikidwa pa mapu pawokha, uyenera kulumikizidwa ku bikoni yakale yodziwika. Bikoni yotero inali pa kaphiri kuseri kwa mudzi.

“Ndikuidziwa, mwanangu,” anatero a Shawa. “Simenti yake ndinaisenza ndine mu 1974.”

“Ndiye kuti ine ndi bikoniyo ndife a msinkhu umodzi, atate.”

“Koma iyo ndi yomvera. Pamene ndinaiika mpomwe ili.”

Atakwera kaphiriko, limodzi ndi amayi Magalita ndi mkamwini wawo Andireya amene anasenza makina, anapeza kuti bikoni ija sinali yomvera konse. Pamalo pake panali dzenje lofika m'chiuno, ndipo zidutswa za simenti zinali mbwee m'mbali mwake.

Tamiwe anakhala pa mwala n'kutulutsa khadi lakale la bikoniyo. Linanena kuti pafupi pake anakwirira zikhomo zitatu zachitsulo zothandiza kubwezeretsa bikoni ikaonongeka, ndipo mitunda yake inalembedwa. Koma mbali ya khadi yosonyeza kumene chikhomo chilichonse chili inali itadyedwa ndi chiswe.

“Popanda poyambira makinawa ndi katundu chabe,” anatero. “Tikayambire ku bikoni ina, masiku atatu kapena anayi. Bambo Daka salola zimenezo mwezi uno.”

Amayi Magalita anayang'ana dzenje lija, kenako anayang'ana kumwamba. Mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso, ndiye iwo analankhula ndi mtengo wa msuku umene unali pamenepo.

“Anthu ena chaka chatha ankabwereka khasu langa, ati akukakumba mbewa. Mbewa zake sitinazione.”

Andireya ananjuta, nkhope atalozetsa kumbali.

“Amayi, sindinali ndekha.”

“Msuku iwe, ndakufunsa kuti anali angati?”

A Shawa anamufunsa mofatsa chimene ankafuna m'dzenjemo. Andireya anayankha kuti aliyense ankadziwa kuti pansi pa mabikoni a pa mapiri pali mankhwala a mtengo wapatali otchedwa mekyule wofiira, ndipo anthu ena ochokera ku malire a dziko ku Mwami ankati amagula ndi ndalama zakunja.

“Ndipo ine ndinaona ndekha ndili mwana,” anapitiriza. “Tinabisala kuseri kwa mwala uwo. Munthu wina wa chipewa anatulutsa botolo m'thumba, analiika pansipansi mosamala ngati dzira, n'kuthira simenti pamwamba. Atationa anatithamangitsa.”

“Wa chipewayo ndi uyu mukumuona apayu,” anatero a Shawa. “Nanga botololo munalipeza?”

“Tinalipeza.”

“Munali chiyani?”

“Munalibe kanthu. Tinaganiza kuti ena anatitsogolera.”

A Shawa anaseka mpaka kutsokomola. Anafotokoza kuti botolo limaikidwa pansi kuti kukamwa kwake kusunge malo enieni a bikoni ngati simenti ya pamwamba yaphwanyika. Linali botolo la mafuta ophikira a akazi awo. Ana aja anawathamangitsa poopa kuti angaponde simenti yaiwisi.

Tamiwe sanaseke nawo. Anali kuwerengera masiku pa zala.

“Mwanangu,” anatero a Shawa, “taimirira uyang'ane phirili. Ukuona chiyani chosayenera kukhala pano?”

Moto wa tchire unali utadutsa kale, ndipo ponseponse panali pakuda. Tamiwe anazungulira pang'onopang'ono.

“Khonje,” anatero. “Uyo, uyo, ndi uyo. Ndani angabzale khonje pamwamba pa phiri?”

“Munthu wa chipewa.”

Chinali chizolowezi cha a Shawa kuyambira ali mnyamata, chimene palibe bwana anawatuma ndipo sichinalembedwe m'buku lililonse. Akakwirira chikhomo ankayenda phazi limodzi lalitali kuchoka pa chikhomocho, msana atalozetsa ku bikoni, n'kubzala kamphukira ka khonje. Khonje sauma ndi chilala, mbuzi sizimukonda, ndipo moto umangomuwaula masamba. Wakale akafa, ana ake amamera pomwepo.

A Shawa anaima pakati pa tsinde loyamba, minga ikuwakanda m'miyendo, anayang'ana ku dzenje n'kuponya phazi limodzi.

“Andireya, popeza kukumba ukukudziwa, kumba apa. Pang'onopang'ono.”

Khasu linalowa kanayi, kachisanu linagunda makala amene ankaikidwa pamwamba ngati chenjezo. Pansi pa makalawo panali mutu wa chikhomo, wadzimbiri koma wosasuntha. Chachiwiri chinapezeka chimodzimodzi. Chachitatu chinawavuta, chifukwa khonje anali atayanga kwambiri, ndipo anakumba malo atatu asanachipeze. A Shawa anavomera kuti mwina tsiku limenelo phazi lawo linali lalifupi chifukwa cha njala.

Tamiwe anapima mitunda itatu ya pa khadi kuchokera ku zikhomozo, ndipo yonse inakumana pamalo amodzi pamwamba pa dzenje. Anayala thabwa, nakhomapo msomali, naimika makina ake pamenepo.

“Tsopano tione ngati zili zoona. Pa mapu pali bikoni ina tsidya la dambo, koma payokha, popanda inzake yoonana nayo, sikanatithandiza. Mukaime pamenepo ndi galasi, atate. Ndodo ikhale chilili, kadontho ka madzi kali pa ndodopo kakhale pakati.”

A Shawa anatsika phiri, nadutsa dambo louma, nakaipeza bikoniyo m'munda wa fodya. Kale mtunda umenewo unkawatengera tsiku lathunthu ndi tcheni. Anaimika ndodo, nagwira mpweya monga ankachitira pokoka tcheni. Sipanapite nthawi, anaona kansalu koyera kakukupizidwa pa phiri, chizindikiro chakuti Tamiwe wamaliza kupima.

Atabwerera, Tamiwe anawaonetsa manambala, nawawerenga mokweza poona kuti mkuluyo akutsinzinira. Mtunda wa makina ndi wa pa mapu unasiyana masentimita awiri okha.

“Awiriwo ndi a ndani?” anafunsa a Shawa. “Anga kapena a makina?”

“Tigawana, limodzi lanu, limodzi langa.”

Munda wa amayi Magalita unapimidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Andireya ndiye anasenza simenti ndi madzi a bikoni yatsopano, maulendo asanu, apongozi ake akuuza msuku uja kuti mbewa za chaka chino n'zolemera.

Pobwerera ku Chipata, Tamiwe anatulutsa buku latsopano n'kufunsa kuti khonje wotere anabzalidwa pa mabikoni angati.

“Kuchoka ku Mwami kufika kuno? Sindinawerenge. Onse amene ndinagwirapo.”

“Ndiye tiyamba mawa. Inu muzinena, ine ndizilemba, ndipo tikadutsa pafupi tizipima. Ndiwauza bambo Daka lero lomwe kuti wonyamula galasi ndamupeza.”

A Shawa anagwira ntchitoyo zaka zina zitatu. Tcheni anaikoloweka pa msomali mu ofesi, ndipo ankaipaka mafuta mwezi uliwonse ngakhale kuti palibe ankaifuna. Pa kaliyala ya njinga yawo, pambali pa chikwanje, pankakhala kathumba ka mphukira za khonje. Tamiwe anawagulira magalasi a maso, koma kathumbako sanawaletse, ndipo pa khadi lililonse latsopano anaonjezera mzere wolembapo pamene khonje wabzalidwa.