Kaseti ya a Edmundo siizimitsidwa

Zoti a Edmundo a kuno ku Moatize anatsekera m'makaseti mizimu ya anthu ofera mumgodi, ndi bodza. Analiyambitsa ndi Judite wogulitsa tomato, amene makutu ake amamva mizimu koma samva mbuzi ikamadya pabenchi pake.

Komatu sindimuda kwenikweni. Nyimbo za bambowa zilibe ng'oma, zilibe mawu, ngakhale pogwedezera chiuno. Ndi kulira kumodzi basi, huuu, kaseti yonse mbali ziwiri. Ukamvetsera nthawi yaitali mano amachita dzanzi, ndipo agalu amalambalala nyumbayo.

A Edmundo ndi a ku Zóbuè, ankaimba limba kutchalitchi. Nkhondo itatha anatsikira kuno ndi akazi awo a Hortênsia, wailesi ya kaseti, ndi limba lotsala mano atatu ngati apongozi anga. Mwana wawo Assucena sanabwere nawo. Mayiwo ankangokhala pakhonde, osalankhula, osapenya munthu.

Zaka zinayi bambowo ankatsamiritsa mwala pa dzino limodzi la limbalo, kuuzira m'botolo, kukhwekhwereza lata, kujambula pakaseti. Woweruza anali mayiwo. Akapukusa mutu, ntchito ya mwezi wathunthu inkafufutidwa. Tsiku lina sanapukuse. Anadzuka, natenga tsache, nayamba kusesa. Kuyambira tsikulo kasetiyo inkangolira osazimitsidwa.

Ndiye Judite anakatenga a Firmino, sekeretariyo, mkulu wa dera lathu, dzuwa lili paliwombo, ati adzamve okha mizimuyo. Iwo, pofuna kuonetsa ukulu, anangofikira kudina batani lozimitsira. Kunagwa zii. A Hortênsia anataya beseni la madzi, nauyamba msewu wa ku Zóbuè opanda nsapato, akunong'ona kuti Assucena asiye ufawo athawe.

A Edmundo sanakangane ndi munthu. Anatsata akazi awo pambuyo atatseka pakamwa, akuliza kulira komwe kuja ndi pakhosi, mpaka kupitirira msika. Kumeneko mayiwo anaima, natchera khutu.

"Chikugayabe, bambo a Assucena?"

"Chikugaya, mayi. Mzere watalika lero."

Anabwerera pang'onopang'ono, bambowo osaleka kulira mpaka kaseti itayambanso. A Firmino anazemba osatsazika, ndipo Judite masiku ano amazungulira njira ya kunjanji.

M'kasetimo mulibe mzimu, muli kulira kwa chigayo cha ku Zóbuè, komwe a Hortênsia anatuma mwana wawo m'mawa umene anthu a mfuti anachizimitsa, ndipo chikamalira, kwa mayiwo mwanayo amakhala akadali pamzere.