Makapu Asanu ndi Awiri a Mabulosi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anagonekedwa kuchipatala cha ku Mishoni. Chakudya chinkawakana. Tsiku lina anati mwina buledi wopaka jamu wa mabulosi angadutse pakhosi, jamu amene iwo ankaphika kale ali khukhi ku esiteti ya tiyi. Amayi anagula shuga wa kilo imodzi, ndipo pakhomo pathu panalibe poti wina n'kuchokera.

M'mawa akupita kothyola tiyi anandiuza kuti, "Esinati, uthyole kilo ya mabulosi. Tiphika ndikaweruka."

Sikelo tinalibe. Koma ine ndinali wa Sitandade 5, mutu uli wodzaza ndi sukulu, ndipo aphunzitsi anali atatiuza kuti lita ya madzi ndi kilo imodzi. Ndinakwera mumtengo wa kuseri kwa nyumba, nyengo yake ikutha kale, n'kupulula onse mpaka manja kuda bii. Ndinadzaza jagi ya lita, otsalawo ndinagawira ana a pafupi. Kudikira kunandikanika. Ndinakhuthulira shuga yense mumphika n'kukoleza moto.

Amayi anafika dzuwa litapendeka, dengu lili kumsana. Jamu anali atazizira, ali gwa, supuni osalowa. Ndinawaonetsa jagi ija, ndikufotokoza masamu anga misozi ili m'maso. Ndinkayembekeza khofi. Iwo anangokhala pakhonde n'kutambasula miyendo.

"Mwana iwe," anatero motsitsa, "ine dengu limadzaza tsiku ndi tsiku, koma pasikelo akapitawo amati makilo sanakwane. Pakati pa masamba pamakhala mphepo. Mabulosinso ndi chimodzimodzi. Kilo ndi makapu asanu ndi awiri, osatsendera. Iwe wathira anayi."

Anakweza maso mumtengo muja. Munali masamba okhaokha.

M'mawa mwake tinaswa jamuyo ndi mpeni n'kupita naye. Bambo anaika kachidutswa m'kamwa, n'kumayamwa ngati switi. "Wakoma, mwanangu," anatero. Buledi tinabwerera naye.

Chaka chotsatira mtengo unaberekanso. Ndinayeza makapu asanu ndi awiri, jamu n'kupakika bwinobwino, koma woti adye anali atatisiya.

Lero ndili ndi sikelo, komabe ndimawerenga makapu. Kwa zaka zambiri ndinkati amayi sanandimenye chifukwa cha kufatsa. Pano, poti nane ndimaweruka msana uli woo, ndikudziwa kuti anali atatopa moti ngakhale dzanja silikanadzuka. Mphamvu zochepa zimene zinawatsalira tsiku lija anandiphunzitsira kuyeza.