Ndinakwera lole ya makala, mnzanga n'kufa ziwalo

Inu owerenga, ine ndine nkhalamba ya pakamwa poyabwa. Sukulu ndinalekezera sitandade 5, koma kunyogodola anthu ndinafika nako ku yunivesite. Pakamwa pomwepa ndi pamene panapundula mnzanga, ndipo lero ndati ndiulule.

Zaka zanga zonse za ntchito ndinali mesenjala pa sitolo ya mmwenye wina ku Limbe, kupalasa njinga tsiku ndi tsiku kupereka makalata. Mnzanga wa ku Manja kuno, Che Jafali, anali dalaivala wa malole. Titapuma pantchito, chotsala chinali bawo ndi kunyozana. Ine ndinkawatcha Chimimba, iwo ankanditcha Kalata Yochedwa.

Chaka china achinyamata a m'tauni anakonza ulendo wa panjinga wa masiku anayi, kudutsa m'mapiri a Mwanza ndi Neno, pofuna kupezera thandizo chipatala china cha ana. Ankafunanso madala awiri atatu okometsa zithunzi. Ine ndinalembetsa, kenako ndinawaputa Che Jafali mpaka nawonso analembetsa. Anatibwereka njinga zamagiya zamatayala okhuthala, ndi zipewa zolimba ngati chigoba cha kamba. Lamulo lalikulu linali loti wotopa asachite manyazi, akwere galimoto yomwe inkabwera pambuyo ndi namwino. Galimoto imeneyo ine ndinaitcha ngolo ya amayi oyembekezera, anthu n'kumaseka.

Tsiku loyamba linayenda bwino. Lachiwiri tinasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, zitunda zokhazokha. Abale, chitunda cha ku Neno si cha ku Chichiri. Mawondo anga anayamba kulira ngati chitseko chakale, Chimimba uja ali kutsogolo, phee, akupalasa. Ndikanakwera bwanji ngolo imene ndinaipatsa dzina ndekha? Ndinakhotera patchire ngati wokadzithandiza, n'kubisala mpaka galimoto ya namwino itadutsa. Posakhalitsa kunatulukira lole ya makala. Ndinachonderera, anandikweza pamodzi ndi njinga, n'kundifunditsa chilona. Tinawapitirira anzanga onse ine ndili gone pakati pa matumba. Pafupi ndi sukulu imene tinkakagona ndinatsika, n'kusamba pa kamtsinje, malaya ndikuwanyowetsa kuti azioneka thukuta. Ofunsa ndinawauza kuti amesenjala timadziwa njira zachidule.

Achinyamata anandinyamula m'mwamba. Ndikanangokhala chete bwenzi zitathera pomwepo. Koma Che Jafali atafika dzuwa litapendeka, akupuma ngati ng'ombe yapangolo, ndinawalandira pamaso pa onse: "Achimwene, mwagona kuti? Mawa tikusungirani mpando wakutsogolo mu ngolo muja, pafupi ndi namwino!" Anthu anafa nazo. Iwo anangondiyang'ana, n'kuseka pang'ono.

M'mawa mwake namwino anawayeza, n'kunena kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, tsiku limenelo akwere galimoto. Ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa. Inu owerenga, apa mpamene ndinayenera kuwakokera pambali n'kuwauza kuti nanenso dzulo ndinalephera, tiyeni tikwere limodzi. M'malo mwake ndinayamba kuyenda chodzigwira m'chiuno ngati mayi wapakati. Che Jafali anavala chipewa chawo nati, "Kalata Yochedwa isandisiye kawiri."

Chakumasana, pa chitunda chachitali chopanda ngakhale mtengo wamthunzi, ndinawaona akupita uku ndi uku ngati woledzera, munthu wosalawako mowa chibadwire. Kenako anagwa. Nditafika, kamwa inali itakhota, dzanja lamanja lili lende. Foni kumeneko siigwira. Galimoto inali itatsalira kutali ndi munthu wina amene unyolo wa njinga yake unaduka. Ndinawakhazika mutu pamiyendo panga, ndikuwakupiza ndi malaya, ndikuitana dzina lawo lenileni. Nthabwala zonse zinauma. Galimoto ija itafika inatinyamula, koma pamene tinkafika kuchipatala, madokotala anati ndi sitiroko ndipo tachedwa nayo.

Moyo anapulumuka, koma mbali yakumanja inafa ndipo mawu amatuluka movutikira. Mwambo wolandira okwera njinga ku Blantyre ine sindinapiteko. Satifiketi ananditumizira kunyumba, yolembedwa kuti ndinamaliza ulendo wonse; ili pansi pa matilesi, sindiyionetsa munthu. Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti akazi awo, Abiti Saidi, ankati ndikapita kukazonda amanditsirira tiyi n'kumauza anansi kuti, "Awa ndiye m'bale weniweni, anawagwira amuna anga pamiyendo."

Ndinapirira miyezi itatu, kenako zinandikanika. Tsiku lina tili awiri pakhonde ndinawauza zonse, za lole, za chilona, za malaya onyowetsa. Analimbana ndi lilime lawo mpaka mawu anatuluka: "Ndinaona. Tayala linatulukira kunja kwa chilona. Ine dalaivala, katundu ndimamuyang'ana."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiululire pamene ndinkawaseka pagulu paja. Anati, "Ukanachita manyazi, ana aja anakunyamula."

Ndinalira ngati mwana, ine nkhalamba ya imvi. Munthu anandisungira ulemu wanga m'thumba, ine ndikuponda wake ndi mapazi onse awiri. Anangofuna kundipambana mwachilungamo, n'chifukwa chake anakana galimoto.

Masiku ano m'mawa uliwonse ndimapita kukawagwira mkono, tiyende pang'onopang'ono kukafika pa mpopi n'kubwerera. Amati anandikhululukira. Abiti Saidi nditawauza sanandilankhule mwezi wathunthu, ndipo sindikuwadandaula.

Ndiye inu owerenga, makamaka madala anzanga okonda kutchuka, mukapita ku maulendo otere, thupi likakana, kwerani galimoto masana anthu akuona. Adzakusekani tsiku limodzi basi. Ndipo namwino akauza mnzanu kuti apume, tsekani pakamwa panu, ngakhale nthabwala itakoma bwanji. Yanga ija anthu anaiseka mphindi imodzi, koma Che Jafali mpaka lero akudya ndi dzanja lamanzere.