Amayi Anati Tiwasiye

Tsiku limenelo tinkakumba kachewere kudimba. Ine ndinali nditangotha kumene msinkhu. Achimwene anga a Zuze ankakumba, ine ndikutolera m'dengu. Kenako tinamva mfuti cha kusukulu. Zimenezo sizinali zachilendo, nkhondo ya ku Mozambique inali itatizoloweretsa kale. Chachilendo chinali utsi. Unkachokera pamudzi pathu.

Ndikulemba izi ndili ku Woolwich, kuno ku dziko la azungu, kulembera iwe Dalitso, mwana wa a Zuze. Chichewa umamva, koma pakuwerenga umachita chibwibwi, ndiye upeze wina akuwerengere. Ine azakhali ako ndakwiya nawe, ndipo sindibisa.

Tinathamangira kumudzi. Nkhokwe zinali zikuyaka. Amfuti aja anali atapita kutsidya kukasaka ng'ombe, ndipo aliyense ankadziwa kuti abweranso. Amayi tinawapeza kuseri kwa khola atakhala pansi. Mwendo wawo unali utatupa kuyambira dzinja, sankatha kuupondera. Anali atamanga kale kamtolo: mchere, bulangete ndi kampeni.

Anthu onse analunjika ku Malawi. Banja lathu ankalitsogolera amalume, mlongo wawo wa amayi. Amayi ankayenda ndi ndodo, atatsamira paphewa langa. Tinkatsalira. Anthu a midzi ina ankatipitirira atasenza mphasa, ena nkhuku m'khwapa. Amene ankayenda liwiro lathu anali a Bizeki okha, nkhalamba yosaona ya pamudzi pathu, imene ana ake ankaikoka ndi kamtengo.

Tinafika pamtsinje. Miyala yake inali yoterera. Amayi anayang'ana madziwo, kenako anakhala pansi pa mtengo wa msuku.

"Tsogolani," anatero. "Ine ndikukuchedwetsani. Ndisiyeni pano."

A Bizeki atamva zimenezo nawonso anakhala pansi, nanena chimodzimodzi kwa ana awo.

Iwe wobadwira kuno, mvetsetsa apa. Kwathu munthu woleredwa bwino savomera koyamba. Ukamuitanira chakudya amati wakhuta, m'mimba mukulira. Ukamupatsa mpando amakhala pansi. Ukafuna kumulandira katundu amati ngwopepuka, khosi litapindika. Kukana ndi ntchito yake, kukakamiza ndi ntchito yako. Mwana aliyense ankadziwa zimenezi. Amalume ndiye ankazidziwa kuposa tonsefe. Mowa ankaukana kawiri, kachitatu n'kupukuta chipanda chonse.

Tsiku limenelo sanakakamize.

"Mwamva nokha," anatero. "Anena okha."

Anaika chikho cha madzi pambali pa mlongo wawo, nandigwira dzanja n'kundiolotsa. Ana a a Bizeki anayang'anana, nawonso anaoloka. Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo ndimapsa mtima. Amalume sananame, amayi ananenadi. Koma anavomera msanga, ngati munthu amene ankangodikira kuti zinenedwe.

Nditacheuka ndinaona kuti a Zuze sanaoloke. Anali atagwada kutsogolo kwa amayi, atawalozetsa msana. Amayi anakana. Anawamenya ndi ndodo paphewa. Anakananso, akuwanena kuti ndi mwana wosamva, wofuna kufera zopanda pake. A Zuze sanadzuke. Mfuti inalira kumbuyo, chapafupi. Pamenepo amayi anamasula okha chitenje chawo chapamwamba, nawapatsa.

Anawabereka ngati khanda. Mfundo anaimanga pachifuwa, yokhotakhota, poti mwamuna sadziwa kumanga mbereko. Analowa m'madzi pang'onopang'ono, mwendo wotupa uja ukulendewera.

A Bizeki anali atavula chipewa n'kuchiika pabondo. Nkhope anailozetsa kumtsinje, akumvetsera ngati pali wina amene akubwerera. Palibe amene anawafunsa kachiwiri.

Zina zonse ukuzidziwa. Ine ndinakwatiwa ku Dedza, ndinabwera kuno ndi amuna anga, bambo ako anatitsatira. Anayendetsa basi mpaka tsitsi linayera. Tsopano khansa yawalowa m'mafupa ndipo agona m'fulati mwako. Owasambitsa ndinu, iwe ndi mkazi wako. Mwatopa, ndikuona, ndipo pa zimenezo sindikunenani.

Lamlungu lija titachokera kutchalitchi, pa TV ankakamba za lamulo loti wodwala amene sadzachira azithandizidwa kufa akapempha yekha. Bambo ako anamvetsera mpaka kumapeto.

"Likanakhalapo ndikanapempha," anatero. "Ndikukuvutitsani ana inu. Dalitso ma shift a kuntchito akungophonya chifukwa cha ine."

Iwe unawagwira dzanja mwachikondi, n'kuwauza m'Chingerezi kuti chilichonse chimene angasankhe udzachilemekeza. Nditakukokera kukhitchini unandiyankha kuti, "Auntie, ndi choice yawo. Anena okha."

Ndinaima ndi kapu m'manja. Mawu a amalume, m'kamwa mwa mwana wa a Zuze! Ukanakhala wamng'ono ndikanakukoka khutu.

Sindikuti ululu wawo ndi wabodza. Ndawamva akubuula, ndaona mankhwala akulephera. Mwina tsiku lina adzanena chifukwa cha ululu weniweniwo, titawafunsa mobwerezabwereza, iwo osasintha. Tsiku limenelo sindikudziwa chimene ndidzayankhe, ndipo ndimaliopa. A malamulo azikangana okha, ine sindinaphunzire zimenezo. Koma Lamlungu lija bambo ako sanatchule ululu. Anatchula ma shift ako. Ankafunsa ngati akadali ndi malo pakhomo pako, ndipo anafunsa m'njira yokhayo imene munthu wakwathu amafunsira.

Iwe umati kuvomera kuja kunali kuwapatsa ulemu. Ine ndinaona nkhope yawo pamene tinkatuluka m'chipinda. Anailozetsa kuchitseko, akumvetsera. Nkhope imeneyo ndinaionapo kale pansi pa msuku.

Titachoka pamtsinje paja, tinayenda tsiku lonse lija ndi linzake. Tinatulukira pamsewu wa phula, wina nanena kuti tsidya lake ndi Malawi. Tinaoloka, anthu anangodzigwetsa pa udzu. Mayi wina wa kumeneko anabwera ndi ndowa ya madzi, osatifunsa dzina.

A Zuze anafika pambuyo pa onse, milomo itang'ambika. Chitenje chinali chitawasupula khungu pachifuwa. Mfundo ija inakana kumasuka, ndinachita kuidula ndi kampeni ka amayi. Chilondacho chinachedwa kupola. Chipsera chake umachiona nthawi zonse ukamawasambitsa, koma sunafunsepo.

Amayi mwendo anakaudula kuchipatala. Anakhala ndi moyo mpaka kunyamula zidzukulu. Ankagulitsa tomato pamsewu womwewo, akukangana ndi oyendetsa malole pa mtengo, ndipo palibe amene ankawaposa pakamwa. Za pamsuku sanazitchulepo. Amalume akabwera kudzacheza, amayi ankawapatsa madzi m'chikho, osawayang'ana kumaso.

Ana a a Bizeki anabwerera kumtsinje kuja mfuti zitakhala chete. Anapeza chipewa chokha.

Mawa ndikubwera ndi basi yam'mawa. Bambo ako akanenanso mawu aja, iwe ugwade pafupi ndi bedi, ukane. Akakumenya ndi ndodo yawo, usadzuke.