Achali wa Mango pa Denga

Zaka makumi atatu ndinali khukhi m'nyumba za akuluakulu a boma ku Katoto. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma palibe bwana anabwezapo mbale yanga. Kwathu ku Chibavi sindinkakhudza poto. Kumeneko ankaphika ndi mkazi wanga, ndipo sitinkalowererana.

Chaka chatha, mu Novembala, anatuluka m'chipatala ataonda ngati bango. Adokotala anandiuza mosabisa kuti mankhwala ake safuna m'mimba mopanda kanthu, ndipo akapanda kudya abwereranso pa bedi lomwelo. Iye chakudya osachiyang'ana n'komwe. Ukamufunsa, yankho linali limodzi: "Pakamwa pakuwawa."

Ndinatulutsa epuloni yanga m'sutukesi. Magazi anathamanga ngati ndabwerera pa ntchito! Tsiku loyamba ndinaphika supu wa mafupa a ng'ombe, maola anayi pa moto wochepa, ndikuyengula mafuta ndi sipuni. Ananunkhiza, n'kutembenukira kukhoma. Tsiku lachiwiri ndinapanga jamu wa magwafa. Ameneyu ndimamudziwa: umaphika magwafa mpaka afewe, n'kusefa njere, kapu ya magwafa kapu ya shuga, madzi a ndimu imodzi. Ukadonthezera pa mbale yozizira osayenderera, wapsa. Anatuluka wofiira bwino, woti bwana aliyense akanaitanira alendo. Ndinapaka pa buledi. Ananyambita kamodzi, nati, "Yewo, abambo, koma chotsani."

Tsidya la msewu wathu kuli kagolosale ka mayi wina wachisilamu wa ku Mangochi. Nditapita kukagula shuga wina, anandifunsa za wodwala. Ndinamuuza zonse zimene ndinaphika. Anaseka mpaka kugwira kauntala.

"Achimwene, mukuphikira mkazi wanu kapena bwana wanu?"

"Amayi, ine ndaphikira anthu a mataye."

"Eya, a mataye, osati odwala. Wowawa pakamwa safuna zotsekemera. Amafuna chowawasa, chomudzutsa lilime. Mupangireni achali."

Ndinachoka osatsanzika. Koma m'mawa mwake ndinali mu msika kusankha mango osapsa, olimba ngati miyala, ndipo pobwerera ndinaima pa kagolosale paja chipewa chili m'manja.

Anandiphunzitsa ataimirira, uku akugulitsa sopo. Mango uwaduledule ndi khungu lomwe. Uwafikise mchere wambiri. Uwayanike padzuwa masiku awiri mpaka akwinyike, chifukwa madzi akatsalamo achali amachita nkhungu. Kenako usinje tsabola wa kambuzi ndi adyo, utenthetse mafuta, uwasiye azizire pang'ono, usakanize zonse, utsekere m'botolo louma masiku atatu.

Zonse zinali zophweka kupatula dzuwa. Mayiyo anakulira ku Mangochi kumene dzuwa limakhala tsiku lonse. Kuno ku Mzuzu limangosuzumira. Pabwalo nkhuku zinali zambiri, choncho ndinabwereka makwerero n'kukaika lichero la mango pa malata. Ndikangotsika, mtambo uwo kuchokera ku Chibanja. Kukwera, kutsitsa. Mvula ikangodutsa, malata n'kuyamba kufuka nthunzi, ine kukweranso. Tsiku loyamba ndinakwera kasanu ndi kamodzi, munthu wa imvi zanga! Amayi a pa golosale ankakuwa ali tsidya, "Achimwene, ikubwera ina!" Ine n'kuyankha kuti ndaiona kale, ngakhale ndinali ndisanaione.

Tsiku lachiwiri, ndili pamwamba, ndinamva mawu pansi.

"Abambo, mukufuna mundisiye wamasiye chifukwa cha mango?"

Anali mkazi wanga, atatsamira chitseko, atafunda chitenje. Kuchokera pamene anatuluka m'chipatala anali asanafikepo ngakhale pa chitseko. Phokoso la malata ndi limene linamudzutsa. Ndinamuuza kuti akagone. Iye anakana, nakhala pa mpando kuti azindiyang'anira mitambo.

Mango anakwinyika tsiku lachitatu. Nditathira mafuta pa tsabola ndi adyo, fungo linadzaza nyumba, tonse awiri n'kuyamba kuyetsemula. Masiku atatu a m'botolo sindinawakwanitse. Ndinadikira awiri basi.

Ndinaphika futali wa mbatata, nsinjiro zokwanira, wofewa bwino. Pambali ndinaikapo zidutswa ziwiri za achali. Ndinamupatsa mbale, ine n'kuima pawindo ngati ndikuona za kunja.

Anatola chidutswa chimodzi, naluma. Nkhope yonse inakwinyika, misozi n'kulengeza. Ndinati basi, ndamupweteka. Koma anatapa futali kuti aziziritse pakamwa. Anatapanso. Analuma chidutswa chachiwiri, natapanso. Ndinawerenga masipuni mumtima mpaka khumi ndi awiri, kenako ndinasiya chifukwa mbale inali itayera. Anamwa mankhwala ake popanda womukumbutsa.

Ndinatuluka ndi epuloni yomwe, n'kukuwa pakati pa msewu, "Wadya! Amayi, wadya!" Anthu a njinga anaima kundiyang'ana. Sindinasamale.

Nditalowanso ndinamupeza akuvutika kutsegula botolo.

"Mchere mwachulutsa," anatero. "Tsegulani apa."