Mathithi a Kuseri kwa Khola la Steinunn

Steinunn anabadwira pa famu yomweyo imene akukalambirapo, kum'mwera kwa Iceland, m'tsinde mwa phiri lopanda mtengo ndi umodzi womwe. Kuseri kwa khola la nkhosa kuli mathithi. Ali mwana, mathithiwo sanali chinthu choti munthu n'kuimira. Anali phokoso chabe, ndiponso malo amene ankadya ana a nkhosa chaka ndi chaka. Bambo ake ankawanena ngati mnansi wakuba.

Atamwalira mwamuna wake, anatsala ndi mlongo wake Kjartan, munthu wosakwatira, wokonda khofi ndi nthabwala. Nthawi yomweyo ndi imene wina anajambula mathithiwo n'kuika chithunzi pa intaneti. Basi galimoto zahayala zinayamba kupatuka pamsewu waukulu, kudzaima pafupi ndi geti. Alendo ankatsika atavala tinsapato toterera, n'kudumpha chingwe chimene Steinunn anamanga pakamwa pa phompho. Mtendere wake unathera pomwepo. Akamatsuka mbale maso anali pazenera, ndipo galimoto ikachedwa kuchoka, chakudya sichinkatsika.

Tsiku lina kumapeto kwa Seputembala, wailesi inachenjeza za mphepo ndi mvula yamphamvu kumapiri. Pofika masana alendo onse anali atathawa, kupatula kagalimoto kamodzi koyera.

"Kaja sikanasunthe," anatero Steinunn.

"Asiye, mwina akupsompsonana kuseri kwa mwala," anayankha Kjartan, maso ali pa kapu. "Iwe unabala alendo onse a dziko lino kodi?"

"Mtsinje wayamba kuda. Sukuumva?"

"Ndaumva moyo wanga wonse. Khala pansi, mayi wa mathithi."

Sanakhale. Anavala jombo ndi jekete n'kutuluka. M'galimotomo munalibe munthu, koma pampando panali majekete awiri opindidwa bwino. Eni ake anali kunja osawavala. Anakwera kanjira kopita kuphompho mphepo ikumukankhira m'mbali, akuitana, mawu ake akumezedwa ndi mkokomo wa madzi.

Anawaona atasuzumira pansi. Pa mwala wathyathyathya m'mbali mwa dziwe panakhala bambo waimvi, mwendo umodzi utapindika moipa. Mkazi wake anamukumbatira kumsana, onse atanyowa ngati nkhuku. Mwala umenewo Steinunn ankaudziwa. Mvula ikagwa kumapiri, umamira wonse.

Anaimbira gulu lopulumutsa anthu. Anamuuza kuti anyamuka, koma ali kutsidya kwa chigwa cha mchenga kumene mphepo yagwetsa lole n'kutseka msewu. Kenako anaimbira Kjartan.

"Bweretsa thalakitala ndi chingwe chachitali. Tenganso chitseko chakale cha khola chija."

Ulendo uno mlongo wakeyo sanaseke.

Steinunn anatsika ndi matako, akugwira ndere zoterera. Ulendo womaliza umene anatsika kumeneko anali asanakwatiwe. Mayi uja anamugwira dzanja ngati amadziwana kalekale. Anati dzina lake ndi Graça, mwamuna wake ndi Duarte, achokera ku Portugal. Anali kuzungulira chilumba chonse kuona mathithi, ulendo umene anaulakalaka kuyambira ali achinyamata. Duarte anaterereka pofuna kumujambula bwino, ndipo foni m'phomphomo sinkagwira.

"Ndinafuna kukwera kukaitana anthu," anatero Graça, mano akugundana, "koma ndinaopa kuti ndikabwerera sindimupeza."

"Munachita bwino, mayi. Valani ichi."

Anamuveka juzi yake yaubweya. Madzi anali atayamba kunyambita m'mphepete mwa mwalawo, ndipo Steinunn anaima mowatchinga kuti asaone. Mumtima ankangowerenga zimene zingalakwike: thalakitala ikana kulira, chingwe chichepa, Kjartan agwa nayenso.

Patapita nthawi imene kwa iye inali ngati chaka, chitseko chinatsika chikuzungulira pachingwe, Kjartan akutsata pambuyo. Anamugoneka Duarte pachitsekocho n'kumumanga ndi malamba omangira udzu wa nkhosa. Bamboyo anakuwa kamodzi, kenako anayamba kupepesa mosalekeza.

"Mupepesa tikafika kumtunda, achimwene," anatero Kjartan. "Panopa ingogwirani mtima."

Kjartan anakweranso kukayendetsa thalakitala, ndipo chitseko chinayamba kukwawa pathanthwe pang'onopang'ono, Steinunn akuchikankha ndi phewa kuti chisagubuduke. Chili pakati chinakodwa pa mwala n'kupendekeka. Chingwe chinalira. Steinunn anakuwa kuti aime, koma ndani akanamumva? Analowetsa mkono pansi pake n'kunyamula ndi mphamvu zimene sankadziwa kuti akadali nazo, mpaka chinamasuka. Graça anakwera pambuyo pawo, madzi atamufika kale m'akakolo.

Opulumutsa aja anawapeza ali m'khitchini, alendo atafunda mabulangete, Kjartan akuwatenthetsera msuzi wa nyama ya nkhosa. Anamutenga Duarte kupita naye kuchipatala. Pakhomo Graça anafuna kuvula juzi ija, koma Steinunn anapukusa mutu. Galimoto itazimiririka analowa m'khola, nakhala pa mtolo wa udzu, phewa likumupweteka moti sanathe kumasula jombo.

Duarte anachira, ngakhale ulendo wawo unathera pomwepo. Phewa la Steinunn ndilo silinabwererenso mwakale. Mpaka lero sakweza mkono kupitirira mutu.

Mwezi wotsatira anapita kumsonkhano wa khonsolo, iye amene sanayankhulepo pagulu chibadwire, n'kupempha kuti njirayo itsekedwe. Anamumvera mwaulemu, namuuza kuti mathithi ndi a aliyense, koma adzaika mpanda wachitsulo nyengo yozizira ikatha. Steinunn sanadikire. Iye ndi Kjartan anakhomerera mizati yawoyawo chipale chofewa chisanagwe, yokhotakhota koma yolimba. Akumanga waya womaliza, mtsikana wina mlendo anabwera kudzapempha kuti awajambule ali pantchito. Kjartan anavula chipewa n'kukonza tsitsi. Steinunn anangoloza nsapato zoterera za mtsikanayo, n'kumuuza kuti aime uko, kutali ndi m'mphepete.